Tidzakutenga Azana Isanamveke

Mwana wathu womaliza anakwanitsa zaka zitatu mu Julaye, mwera ukuwomba, asodzi atakokera mabwato awo kumtunda. Chilekereni kuyamwa, dziko lake lonse linali pakati pa khonde lathu ndi thandala limene agogo ake amayanikapo usipa. Titanena kuti mu Seputembala akayamba sukulu ya mkombaphala, anganga, monga iye amawatchulira, anangoti chete. Patapita masiku awiri anatifunsa kuti: "Kodi ine ndalakwanji kuti mwanayu mukamusiye m'manja mwa alendo?"

Funsolo linatilasa mtima, pakuti ndi iwo amene analera ana athu onse. Koma maso awo ayamba kufooka, ndipo kawiri konse tinampeza mwanayo ali yekha m'nyanja, madzi akumulekeza m'mawondo. Izi sitinawauze mwachindunji. Tinangowapempha kuti atiperekeze kukaona malowo.

Tinapeza chipinda chimodzi cha njerwa, mtengo wa mango, ndi alezi awiri ongodzipereka, osalandira malipiro. Sukulu zambiri zotere zimayendetsedwa ndi komiti ya makolo, ndipo ufa, nkhuni ndi manja ophika phala zimachokera m'mudzi momwemo. Ife tinafunsa za maphunziro. Anganga anafunsa zina: madzi amatunga pamjigo kapena kunyanja? Mumphika wa phala mumaphikidwanso chiyani? Pakhomo pa chimbudzi pali ndowa ndi sopo? Aliyense amene anaona kolera imene inayambira ku Machinga mu 2022 n'kufalikira m'maboma a m'mbali mwa nyanja adziwa kuti mafunso awo anali olemera kuposa athu. Alezi anayankha mosabisa, nawonso natipempha kuti tidzabweretse buku la kusikelo kuti aone za katemera.

Ntchito yaikulu inali ya chilankhulo. Pakhomo timalankhula Chiyao, pamene alezi amaphunzitsa m'Chichewa, ndipo mmodzi wa iwo Chiyao amangochimva patalipatali. Tinaopa kuti mwana adzapempha "mesi" n'kusowa womupatsa madzi. Anzathu ena amalimbikira kuphunzitsa ana kuwerenga mpaka teni m'Chingerezi kuti akaoneke ochenjera. Ife tinaona kuti mwana wodziwa kunena kuti "ndikufuna kuchimbudzi" kapena "m'mimba mukupweteka" ndiye wakonzeka. Madzulo aliwonse tinkachita masewera: wina akhala mlezi, wina mwana, iye n'kumatiseka tikalakwitsa dala.

Tinamuphunzitsanso kudzisambitsa ndi madzi ndi dzanja lamanzere akachoka kuchimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, kunena Bismillah ndi kudya ndi dzanja lamanja popanda womukumbutsa. Chovuta chinali nkhani ya kamba amene ana amagawana. Sitinafune kuti aziona anzake ngati odetsedwa, choncho tinangomuuza kuti akapatsidwa nyama azithokoza, kenako azifunsa kaye alezi, amene tinali titakambirana nawo kale. Kwa milungu iwiri tinkayenda naye m'mawa njira yakusukulu, yodzera kumtunda osati yagombe, kufikira ataloweza mlambe umene timakhoterapo.

Ndi kukonzekera konseku, tsiku loyamba tinalakwitsa. Titaona kuti watengeka ndi galimoto yamawaya ya mnzake, tinatsinana n'kuzemba osatsanzika, poganiza kuti tamupeputsira. Alezi anatiuza kuti atacheuka n'kutisowa analira mpaka mawu kusasa, ndipo phala sanalilawe. Usiku umenewo anagona atagwira nsonga ya chitenje cha amayi ake. Kwa masiku atatu sankalola kuti mmodzi wa ife apite ngakhale kuseri kwa nyumba. Tinali titamuphunzitsa njira, mawu ndi ukhondo, koma tinamusonyezanso kuti makolo ake akhoza kusowa iye akangoyang'ana kumbali.

Anatikonza ndi anganga omwe aja. Sanatinyoze, ngakhale mpata anali nawo. Anati mwana sadziwa wotchi, koma amadziwa azana, poti wakhala akuimva kasanu pa tsiku chibadwire. Lolemba lotsatira tinagwada pakhomo pa sukulu, tinamuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti: "Tikupita kuntchito. Tidzakutenga azana ya masana isanamveke." Analira ndithu, ndipo ifenso tinachoka mitima ili m'mwamba, koma tinachoka iye akutiona. Tsiku limenelo tinafika nthawi isanakwane. Mawa lakenso chimodzimodzi, ngakhale zinatengera kusiya nsomba pamsika m'manja mwa mnzathu.

Kulira kunatha m'mlungu wachitatu. Tsopano amene amapita kukamutenga ndi anganga, atamangirira usipa wootcha pansonga ya mpango wawo. Amanyamuka dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo dzulo anabwera akudandaula kuti mdzukulu wawo wawadikiritsa pansi pa mango, ati amalize kaye nyimbo.