Pamene Sizasi Inandilemera

Nsalu inali yabwino, citenge ca maluwa ofiira, mamita asanu ndi limodzi. Ndinaiyala pa tebulo Lolemba m'mawa, ndinatenga coko ndi tepi yoyezera, ndi kuyima pamenepo. Dzuwa linafika pamutu ndisanalembe mzere ngakhale umodzi. Laciwiri zinali cimodzimodzi. Ine amene ndasoka zovala kwa zaka zoposa makumi atatu ndinayang'ana nsalu ija monga munthu ayang'anira khoma.

Ndinaphunzira utelala kwa azakhali anga pa makina opalasa ndi mapazi a Singer, ndipo ndinatsegula kasitolo kanga muno mu Chipata m'caka ca 1994. Inali nthawi yovuta kwa atelala. Boma litatsegula malonda pambuyo pa masankho a 1991, salaula inadzaza m'misika, ndipo malaya ovalidwa kale a kunja anali kugulidwa pa mtengo wocepa kuposa nsalu yosasoka. Anzanga ambiri anagulitsa makina ao. Ine ndinapulumuka cifukwa ca cinthu cimodzi: salaula siingathe kupatsa mai covala ca citenge cosokedwa pa thupi lace, cosafanana ndi ca mnzace. Mai akalowa ndi nsalu, ndinali kumuyang'ana mapewa ndi kayendedwe, ndipo covala conse cinali kuoneka m'mutu mwanga asanakhale pansi. Mphatso imeneyi ndiyo inaphunzitsa ana anga anai. Sindinaganizepo kuti ingathe kucoka. Akuluakulu anati citsime cimadziwika kuya cikaphwa.

Sicinaphwe tsiku limodzi. M'caka ca 2020, matenda a korona atatseketsa machalichi ndi kuimitsa maukwati, tinali kusoka zophimba pakamwa ndi pamphuno, zofanana zokhazokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Maukwati atayambanso anabwera ngati madzi osefukira, ndipo ine, pokumbukira njala ya miyezi ija, sindinakane nchito ngakhale imodzi. Makasitomala naonso anasintha. Masiku ano mtsikana amabwera ndi cithunzi ca pa Facebook mu foni, nati, "Amai, ndifuna cenicenico." Safunsanso maganizo a telala. Kenaka cinadza cilala ca 2024. Madzi a ku Kariba anacepa, magetsi anayamba kuzima maola ambiri, ndipo makina anga a magetsi anali kugwira nchito pa nthawi imene magetsi abwera, kaya ndi pakati pa usiku. Ndinali kugona ndi khutu limodzi, kudikira kuti furiji ilire. Pa Sondo ndinali kupita ku Misa yoyamba kuti ndikasoke masana. Ku mphakati ndinaleka kuonekako.

Lacitatu la sabata lija ndinadzikakamiza. Mwini nsalu anali mwana wa mnzanga wa mu kwaya, ndipo ukwati unali pafupi. Ndinadula, ndipo ndinadula molakwa: maluwa a kutsogolo anayang'ana kumwamba, a kumbuyo pansi. Colakwa cotere sacita ngakhale wophunzira wa miyezi itatu. Nsalu ya mtundu umenewo siinapezekenso m'tauni monse. Ndinalipira mtengo wace, koma mnzanga anangonena kuti, "Amai, tinakukhulupirirani," ndi kutuluka. Mau amenewo anandipweteka kuposa ndalama.

Anthu sanacedwe kupereka mayankho. Wina anati pali amene wandicita cipongwe cifukwa ca nsanje, ndipo anali wokonzeka kundiperekeza kwa sing'anga. Ine ndinali kudziimba mlandu wa ulesi, ndipo ndi mlandu umenewo ndinapita kukalapa. Abambo anamvetsera mpaka ndinatsiriza, kenaka anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere m'malo otere: kodi ndinagona liti tulo tokwanira? Anandiuza kuti ndikawerenge za mneneri Eliya m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19.

Nkhaniyi ndinali kuidziwa, koma ndinali ndisanaione bwino. Eliya sanagwe mphwayi atalephera. Anagwa mphwayi atangopambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli. Anathawira ku cipululu, anakhala pansi pa kamtengo, napempha imfa. Ndipo mngelo sanamudzudzule, sanamulalikire. Anamusiya agone, anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiyanso agone, namupatsanso cakudya kaciwiri. Mau a Mulungu anadza pambuyo pace, ku phiri la Horebu, munthu atadya ndi kupumula. Ndinaona kuti ine ndinali kufuna mau a ku Horebu cikhalirebe ndi njala ya tulo.

Kupumula kwa munthu wa bizinesi yaing'ono kuli ndi mtengo, ndipo amene amalandira malipiro pa mwezi asafulumire kutilangiza. Ife tikatseka citseko, ndiwo zimasowa. Ndinabweza nsalu za anthu awiri pamodzi ndi ndalama zimene anali atapereka kale, ndipo mmodzi wa iwo anakalipa pamaso pa anthu. Nchito ya mipendero, mazipi ndi mabatani ndinaisiya m'manja mwa mtsikana amene ndimaphunzitsa. Kale sindinali kumulola, poganiza kuti palibe angasoke monga ine, kumene kunali kunyada cabe. Lendi ya mwezi umenewo ndinaipereka mocedwa. Pa Sondo ndinayamba kuphimba makina ndi nsalu.

Mu Ogasiti ndinapita kumudzi ku Katete kwa masabata awiri. Azakhali ndi okalamba tsopano, maso acita khungu, koma Singer ija ikali pakona. Ndinaithira mafuta, ndinasintha lamba, ndipo ndinayamba kuika zigamba pa mayunifomu a adzukulu. Palibe anandilipira, palibe anandipatsa tsiku lobwera kudzatenga. Azakhali anali kumvetsera kulira kwa makina ndi kundidzudzula monga kale: "Iwe, ukuthamangira kuti? Nsalu siithawa." Madzulo tinali kupemphera korona, ndipo ndinali kugona nkhuku zikalowa.

Inali nthawi ya mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo mseu unali wodzala ndi amai a Cicewa ocokera kuno kwathu, ku Malawi ndi ku Mozambique. Tsiku lina ndinaona gogo wina atamanga citenge cace mwa njira yacilendo: anacipinda katatu paphewa, mphonje ndi kugwera kumbuyo. Ndinapeza kuti dzanja langa likujambula pa dothi ndi kamtengo. Sindinauze munthu, poopa kuti kanthu kaja kangathawenso.

Sindinganene kuti zonse zinabwerera. Pali masiku ena pamene nsalu imakhalanso cete, ndipo tsopano ndimaipinda, ndi kuuza mwini wace kuti abwere Lacisanu. Ena amadikira, ena amapita kwa atelala acinyamata, amene ndi acangu ndithu. Mnzanga wa mu kwaya timapatsana moni wa mtendere pa Misa, koma nsalu sanabweretsenso. Citenge ca maluwa ofiira cija ndinacisunga m'kabati miyezi isanu. Pa Khirisimasi ndinacitulutsa, ndipo pa zidutswa zace munatuluka timadiresi titatu ta ana a mu mphakati wathu. Pa kamodzi maluwa akali kuyang'ana pansi, koma mwini wace ali ndi zaka zinai, ndipo amakana kukavula.