Kutsata Mwera Kuchokera ku Dzaleka Kukafika ku Senga Bay

Mwezi wa Julayi ku Dzaleka kumacha ndi mphepo. Imachokera kummwera chakum'mawa, n'kukwera zitunda za Dowa, n'kulowa m'tinjira topanikizana ta pakati pa nyumba za zidina. Malata amangoti gwedegwede, ndipo amayi amene afola pamjigo ndi zigubu zachikasu amadzikulunga zitenje mpaka m'makutu. Kuno mphepo imeneyi ndi fumbi, chimfine ndi milomo yong'aluka. Palibe amene amaiyamikira.

Ndinafika Lachiwiri, tsiku la msika waukulu. Ndinadutsa pakati pa milu ya tomato, matumba a makala ndi mabeseni a ufa wa chinangwa. Apa Chiswahili, apo Chirundi, uko Chifalansa, mwa apo ndi apo Chichewa chosalala cha ana obadwira pompano. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 anasanduka kampu ya anthu othawa nkhondo. Anakonzedwera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Kuseri kwa msika kuli kashedi ka kalipentala, bambo achikulire amene aliyense amangowatchula kuti Mzee. Anakulira ku Uvira, kunsonga ya kumpoto kwa nyanja ya Tanganyika, ndipo asanayambe kupala matabwa anali msodzi wa ndagala, tinsomba tofanana ndi usipa wathu. Ndinawapeza ataika puleni pambali, maso ali pafoni ya mdzukulu wawo. Pafonipo ngalawa ya matanga, yopanda injini, inkathamanga thupi lonse lili m'malere, madzi ikungowakhudza ndi timiyendo toonda.

"Mwananga, tabwera uone," anatero. "Ine ndagona pamadzi zaka zambiri. Ngalawa imayandama. Iyi ikuuluka. Wainyamula ndani?"

Ndinakhala pabenchi yawo n'kuyambira pa chimene tonse tinachitapo tili ana, kutulutsa dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga. Chikhatho chikagona, mphepo imangodutsa. Ukachipendeketsa pang'ono, dzanja limakwera lokha. Kunsonga kwa timiyendoto, pansi pa madzi, kuli mapiko ochita chimodzimodzi. Pachingerezi amati hydrofoil. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, motero phiko laling'ono ndithu limakwanira kunyamula ngalawa ndi anthu ake omwe. Liwiro likakwana, thupi limavuuka. Chimene chimachedwetsa ngalawa iliyonse ndi madzi amene imakankha ndi kukhulana nawo. Ikatuluka m'madzimo yamasuka, ndipo imatha kuthamanga katatu kuposa mphepo imene ikuiyendetsa.

Apa Mzee anapukusa mutu. "Kupitirira mphepo imene ikukukankha? Zimenezo ndiye ayi."

Ndinawakumbutsa za wakabaza akamatsika chitunda cha ku boma la Dowa. Ngakhale kunja kuli bata, iye amamva mphepo kumaso. Ngalawa nayo ikamathamanga imadzipangira mphepo yake, imene imaphatikizana ndi yeniyeni ija, ndipo thanga limakoka zonse ziwiri. Chofunika n'chakuti isayende mphepo ili kumbuyo kwenikweni, koma iziidula chopingasa.

"Chopingasa," anabwereza pang'onopang'ono. "Eya. Ngakhale kwathu thanga limakoka bwino mphepo ikabwera cham'mbali."

Nzeru ya mapikoyi si ya dzulo. Mu 1919 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, ndi mnzake Casey Baldwin anathamangitsa boti la mapiko loyendera injini panyanja ya Bras d'Or ku Canada mpaka makilomita 114 pa ola. Koma anthu ambiri anatsegula maso mu 2013, pa mpikisano wa America's Cup ku San Francisco, pamene ngalawa za matanga zotalika mamita 22, ya Oracle Team USA ndi ya Emirates Team New Zealand, zinkapikisana zili m'malere. Masiku ano mu mpikisano wa SailGP ngalawa za F50 zimafika cha m'ma 100 makilomita pa ola, oyendetsa atavala zipewa zolimba ngati za panjinga yamoto. Nditawauza kuti mu Novembala 2012 Paul Larsen wa ku Australia anaika mbiri ya dziko lonse ya makilomita 121 pa ola ndi ngalawa yotchedwa Vestas Sailrocket 2, ndipo anachitira zimenezi ku Walvis Bay m'dziko la Namibia, Mzee anaseka mokondwa. "Mphepo yake ya mu Africa momwe muno!"

Kenako analoza pafoni paja ndi chala chokhakhala. "Za mapikozo n'zachilendo, koma ya matupi awiriyi ndikuidziwa. Ku Uvira ndi ku Bujumbura timalumikiza maboti awiri ndi mitengo, ukonde timautsitsa pakati, nyali zili pamwamba. Siigubuduzika wamba." Anakhala chete pang'ono. "Nanga kunyanja kwanu kuno, matanga alipo?"

Funsolo linandilowa mumtima. Bambo amenewa akhala paphiri pano zaka zambiri, nyanja ili maola awiri okha kumunsi, koma sanapondepo mchenga wake. Malamulo a dziko lino amati othawa kwawo azikhala mu kampu, ndipo ulendo wakutali umafuna chilolezo komanso ndalama.

"Pita ukandionere," anatero. "Ukabwere undiuze mphepo yake."

M'mawa mwake ndinakwera galimoto ya matola mumsewu wochokera ku Lumbadzi kudzera ku Dowa kukatulukira pa Chezi. Kumanzere, chakumpoto, mapiri a Ntchisi ankaoneka abuluu, atafunda mitambo kunsonga. Pa Chezi tinalowa msewu wa ku Salima, n'kudutsa Mvera, pamene amishoni a Dutch Reformed anamanga mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1889. Kuyambira pamenepo msewu umangotsika mokhotakhota. Makutu anatseka, juzi ndinavula, milambe inayamba kuoneka m'minda yokololedwa. Ku Salima njinga za kabaza zinali piringupiringu, ndipo titayenda makilomita ena 20 ndinamva fungo la usipa wouma ndisanaone madzi.

Nyanja ya Malawi tsiku limenelo sinali ya pa zithunzi za makalendala. Inali yotuwa, mafunde ali ndi thovu kumutu, akuswekera pamchenga motsatizana ngati ng'oma ya chisamba. Chilumba cha Namalenje chinkaoneka ndi kubisika. Mabwato ndi maboti a injini anali atakokeredwa kumtunda onse. Asodzi anakhala mozungulira chilimira atachiyala pamchenga, akusoka pong'ambika, chingwe achipana ndi chala chachikulu cha kuphazi. Pa mathandala usipa unali wochepa, ndipo amayi ogula nsomba anangokhala pamabeseni awo ovundikira.

"Lero simulowa, bambo?" ndinafunsa mmodzi wa iwo.

Sanadzutse n'komwe mutu. "Ndi mwera umenewu? Tili ndi ana, achimwene."

Anthu a kunyanja sauchitira chibwana mwera. Umaomba kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo popeza nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550 kuchokera kummwera kupita kumpoto, mphepo imapeza mtunda wonsewo wokwezera mafunde. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira m'namondwe kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Thanga nalo lili ndi mbiri yowawa panyanjayi, chifukwa zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaolotsa akapolo kupita kutsidya la kum'mawa ndi mphepo zomwezi. Koma thanga lomwelo ndi limene mpaka lero limanyamula nkhuni, chinangwa ndi anthu pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique popanda kugula dontho la petulo.

Nditayenda ndithu m'mbali mwa madzi, kupitirira mudzi wa asodzi, ndinafika pa malo ena ogona alendo. Pamchenga panali ngalawa ya matupi awiri owonda, ya mtundu wa Hobie 16, yotalika mamita 5, mlongoti uli chilili. Pakati pa matupiwo panali nsalu yolimba yokungidwa ngati chikopa cha ng'oma. Woyendetsa wake anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, mwana wa msodzi. Anandiuza kuti ngalawa zotere ndi zimene zimapikisana pa mpikisano wautali wa matanga wa panyanjayi, umene umachitika m'nyengo ya mwera. Amanyamukira ku Mangochi, n'kumagona m'madoko monga Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhotakota, mpaka kukafika m'boma la Nkhata Bay, mtunda wa makilomita 500 kapena kuposa, pamodzi ndi alendo ochokera ku South Africa ndi maiko ena.

"Tingalowe lero?" ndinafunsa.

Anayang'ana kummwera nthawi yaitali. "Akulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mugone. Tione mawa."

Kutacha mwera unali utafewa, koma usanagone. Anandiveka jekete yoyandamitsa, tinakankhira ngalawa m'madzi ofika m'chiuno, n'kukwera chokwawa. Iye anagwira ndodo ya chiwongolero kudzanja limodzi, chingwe cha thanga kudzanja linalo. Atakoka chingwecho, thanga linasiya kupupuma, linati nga, ndipo mchenga unayamba kuthawa kumbuyo kwathu popanda phokoso la injini, popanda utsi.

"Chingwe ichi sitimanga mfundo," anatero. "Chimakhala m'manja. Ukachimanga, mphepo ikabwera mwadzidzidzi, mwagubuduzika."

Maso ake sanali pa ine. Ankayang'ana tiulusi tomatidwa pathanga, kenako madzi a kutsogolo. "Mukuona pakudapo, pamene pachita makwinya? Ndi mphepo imeneyo. Sunthirani kunja, mapazi mukole m'lamba, mutsamire kumbuyo."

Sindinachedwe kuimva. Thanga linakoka ngati ng'ombe yolusa, ndipo thupi la ngalawa limene tinakhalapo linayamba kukwera. Ndinasuzumira pansi panga. Panali mpata, madzi obiriwira akuthamanga m'munsi, madontho akugwa kuchokera kumimba kwa ngalawa. Phokoso la mafunde omenya pansi linatha mbali yathuyi. Kunangotsala mluzu wa thupi linalo likucheka madzi ndi kung'ung'udza kwa chiwongolero. Liwiro linawonjezeka nthawi yomweyo, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mnyamata uja ankamasula chingwe pang'ono, n'kukokanso pang'ono, kutisunga m'malere momwemo ndi zala zake zokha.

Ngalawa yathuyi inalibe mapiko. Koma pamenepo ndinamvetsa ndi thupi langa zimene ndinkafotokoza ndi pakamwa m'kashedi kaja. Ngati kutulutsa thupi limodzi m'madzi kumamasula ngalawa chonchi, nanga kutulutsa onse awiri? Ndinaonanso kuti chimene chinkatisunga sichinali nsalu kapena chitsulo. Anali maso a mwana wa msodzi amene anaphunzira kuwerenga nkhope ya nyanja ali m'bwato la bambo ake. Oyendetsa ngalawa zouluka zija ali ndi makompyuta ndi zipangizo za ndalama zankhaninkhani, koma nawonso ntchito yawo yoyamba ndi yomweyi, kuona mphepo isanafike.

"Tikutembenuka, weramani!" Mtanda wa thanga unadutsa pamwamba pa mitu yathu, tinakwawira mbali inayo, ndipo Namalenje inasamukira kudzanja lina. Pobwerera tinakumana ndi mabwato oyamba akutuluka, nkhafi zikung'anima padzuwa. Mnyamata uja anawabayibitsa ndi kuwatchula mmodzimmodzi.

Tsiku lotsatira ndinakweranso zitunda zija, juzi ikubwerera pathupi pa Mvera. Ndinawapeza Mzee akupala chitseko. Ndinawapatsa kajumbo ka usipa wouma. Anatapa pang'ono, n'kununkhiza nthawi yaitali maso ali chitsinzinire.

Sanandifunse za alendo kapena za mpikisano. Anafunsa ngati mafunde ake ndi aatali kapena aafupi otsatizana, ngati mphepo imakula m'mawa kapena madzulo, ngati asodzi amayatsa nyali mwezi ukakhala mumdima. Nditawauza za makwinya akuda pamadzi, anaomba m'manja. "N'chimodzimodzi! Kwathunso timaona pamenepo."

Kenako anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa chimene anapanga ine kulibe. Kanali kangalawa ka matupi awiri ka zidutswa za matabwa, thanga lake la thumba la shuga. Pansi pake anakhomerapo timiyendo ta waya, ndipo kunsonga kwake kunali timapiko todulidwa ku chitini cha mafuta, topendeketsedwa pang'ono monga chikhatho chija. Mdzukulu wawo anakanyamula n'kuima nako pakhomo, ndipo kathanga kaja kanafufuma.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Paphiri louma limeneli pali anthu amene anasema mabwato, kusoka maukonde ndi kuwerenga mphepo pa Tanganyika ndi pa Kivu, ndipo nzeru zimenezo zikadali m'manja mwawo. Ndikulakalaka tsiku limene Mzee ndi mnyamata wa ku Senga Bay uja adzakhale pansalu imodzi, wina atagwira chiwongolero, wina chingwe. Sadzasowa chokambirana.

Ndikutsanzika, chimphepo chinadutsa pamsika, chikuulutsa mapepala ndi kugwedeza malata a kashedi. Anthu anabisa nkhope. Mzee anatuluka panja, anatembenuzira tsaya kummwera, n'kumvetsera.

"Lero anzathu kumunsi kuja salowa," anatero. "Lero n'losoka ukonde."