Galiki sinandipoletse, inandiocha chabe

Imwe atsikana anzanga, tiyeni tikambeko poyera nkhani imene timanong'onezana chabe mu saluni: kuyabwa kumunsi. Kuja kumene kumakugwira uli mu basi ya ku Matero, wapanikizika pakati pa anthu, olo kusuntha sungasunthe. Na imwe amuna musatembenuze peji, ikukhudzani.

Ine kunandiyamba mu October, Lusaka ili kuphika anthu. Ndinali nditangotsiriza ma antibiotic a dzino, ndipo weekend yonse ndinali pa nchito ku ma show, mu jinzi yothina, kuimilira kumbuyo kwa steji mpaka mbandakucha kuyembekeza oimba amene safuna kukamba na atolankhani. Pa Mande kuyabwa kunayamba, na zoyera zolimba monga mabisi.

Ku kliniki sindinapite. Ndinaopa maso a anesi, koma maningi ndinaopa kuti mnyamata wanga adzaganiza kuti ndinagona na wina ku ma show kuja. Ndiye ndinafunsa mu saluni. Wina ati ika galiki usiku. Wina ati tsuka mkati na viniga. Aanti anga ati khala m'madzi otentha a mchere, "ise tinakulira pamenepo." Pa Facebook mai wina anandigulitsa tumipira twa mankhwala pa K150, ati tumachotsa dothi lonse m'chibaliro. Ndinachita zonse, mwandi. Galiki inandiocha mpaka misozi. Patapita masabata awiri kuyabwa kunali pamenepo, ndipo panaonjezekera fungo monga la nsomba.

Fungo limenelo ndilo linandikoka kupita ku kliniki. Anesi anamvetsera, anandipima, ndiye ati, "Mwana wanga, wabwera na matenda awiri. Achiwiriwa wadziitanira wekha."

Anandifotokozera tere. Kumunsi kumakhala tuzilombo twabwino, tochedwa Lactobacillus, tumene tumasunga malowo owawasako pang'ono, pH ya pakati pa 3.8 na 4.5, kuti toipa tusachuluke. Ma antibiotic aja anapha twabwinoto, Candida n'kupeza mpata. Ndiyo thrush, ndipo akazi atatu mwa anayi amaidwalako pa moyo wao, olo amene sanagonepo na mwamuna. Pamene ndinayamba kutsuka mkati, ndinakokolola totsalato, n'kubwera bacterial vaginosis, ija ya zamadzimadzi zotuwa na fungo. Palinso ina, trichomonas, imene imayenda pogonana ndipo mumafunika kumwa mankhwala nonse awiri. Manje ndiuzeni, mu saluni adzadziwa bwanji kuti yanu ndi iti?

Anandipatsa clotrimazole woika kumunsi, na metronidazole wa masiku 7, ati mowa usakhudze. Kwa munthu amene nchito yake ili mu ma club, imeneyo inali sabata yaitali. Koma ndinapola.

Za mabisi na yogati ndinafunsa, kaili pa TikTok aliyense ali pa ma probiotic. Kumwa mabisi n'kwabwino, ine ndimamwa na manje. Koma tuzilombo twa m'mabisi si tomwe tuja tumene tumalonda kumunsi, ndipo kapu ya yogati siingachotse matenda amene akhazikika kale. Ma capsule odula aja, akathandiza, amathandizako pang'ono pambali pa mankhwala, osati m'malo mwake. Ndalama yanu ikakhala yochepa, yambani na mankhwala. Ndipo yogati ya sitiroberi yodzaza shuga isayandikire kumunsi, chonde.

Chimene ndinasintha n'chotchipa. Ndimatsuka kunja chabe na madzi, sopo wonunkhira ayi, mkati mumadziyeretsa mokha. Panti ya kotoni, youma bwino pa dzuwa, osati ija timayanika kumbuyo kwa chitseko kuopa maso a aneba. Ndikabwera ku show, jinzi imachoka ndisanagone. Mankhwala oumitsa amene ena amatiphunzitsa kuti amuna amakonda amang'amba khungu la mkati, ndipo tuzilonda tumeneto ndi khomo la HIV.

Thrush ikamabwera kanayi pa chaka kapena kupitirira, pimitsani shuga na HIV. Ngati muli na pakati, musagule piritsi ya fluconazole pa chemist, pitani kwa anesi. Mukamva kuwawa m'mimba chakumunsi, thupi kutentha, zilonda kapena magazi osakhala a kumwezi, pitani tsiku lomwelo.

Mnyamata uja ndinamuuza pamapeto pake, mtima uli m'mwamba. Anakhala chete pang'ono, ndiye ati, "So ndiye kumene inali kupita galiki yanga ya mu nkhuku?"