Zimene Ndinaona ku Chipoka

Sukulu zitatsekedwa, m'mwezi wa Ogasiti, ndinanyamuka ku Dedza kukaona mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Chipoka, m'boma la Salima. Tinadzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere umene umatsikira ku Golomoti. Ife a ku Dedza timakhala pamalo okwera mamita oposa 1,500, pamene nyanja siifika ngakhale pa mamita 500. Motero munthu amachoka kwathu atavala jekete, koma pofika ku Mtakataka, kumene milambe imayamba kuchuluka, amakhala ataipinda pamiyendo.

Chipoka ndi doko la panyanja, ndipo njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima imadutsa pomwepo. Mlendo akangotsika galimoto amalandiridwa ndi fungo la usipa umene asodzi amayanika pamathandala m'mbali mwa nyanja. M'miyezi yozizira kumawomba mwera, ndipo mchenga umaloŵa paliponse: m'nyumba, m'mbale, ngakhale m'zofunda. Poyenda kupita kunyumba ndinkadzifunsa kuti mayi wa ana anayi, wamkulu wa zaka 9 ndipo wamng'ono adakali kumbuyo, angasamale bwanji pakhomo pamalo otere.

Nyumba yawo ndi ya zipinda ziŵiri, ya njerwa zootcha, pansi pozira ndi dothi. Atandilandira pakhonde ndinapempha madzi, koma poona kuti mwana wanga watanganidwa ndi khanda, ndinapita ndekha pandowa. Ndinatenga kapu imene inali pachivundikiro, ndinatunga, ndipo ndinali pafupi kumwa pamene mdzukulu wanga wa zaka 5 anandigwira mkono nati, "Agogo, imeneyo ndi yotungira. Yomwera ndi iyi."

Ndinachita manyazi, ndiponso ndinakwiya pang'ono. Ine amene ndaphunzitsa ana za ukhondo zaka zoposa 30, lero ndikonzedwe ndi kamwana kosadziŵa ngakhale kulemba dzina lake! Koma ndinathira madziwo m'kapu inayo ndi kumwa.

Madzulo ana atagona, mwana wanga anandikumbutsa chiyambi cha lamulolo. Aŵerengi ambiri akukumbukira mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 nufalikira dziko lonse. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawo. M'mwezi womwewo mwana wawo woyamba anatsegula m'mimba usiku, ndipo pofika mbandakucha maso anali ataloŵa m'kati. Bambo wake anathamanga naye panjinga kuchipatala, kumene anamuika madzi a m'mitsempha, napulumuka. "Bambo," anatero mwana wanga, "ndinkasesa tsiku lililonse, ndipo anthu ankayamikira bwalo langa. Koma tonse tinkaviika kapu imodzi m'ndowa imodzi, wochokera kunyanja ndi wochokera kuchimbudzi yemwe."

M'maŵa mwake ndinakhala pakhonde ndi kupenyetsetsa. Ntchito imayamba dzuŵa lisanatuluke, mphepo isanadzuke. Mnyamata wamkulu amasesa bwalo ndi kutaya zinyalala m'dzenje la kuseri kwa nyumba. Mlongo wake wa zaka 5 amatulutsa mphasa kukaziyanika, pakuti wina mwa aang'ono amakodzabe pogona, ndipo mphasa yonyowa ikapindidwa imanunkhitsa nyumba yonse. Wa zaka 3 ali ndi katsache kakekake kamene bambo wake anamufupikitsira. Kunena zoona, iye amangomwaza zimene mkulu wake wasonkhanitsa, koma palibe amene amamuletsa. Mayi wake akuti mwana amene walandidwa tsache ali ndi zaka 3 sadzalifunanso akadzafika zaka 10. Mmera mpoyamba.

Chinthu chilichonse chili ndi malo ake, ndipo malowo ndi ofikirika kwa mwana. Kuchipupa kuli misomali inayi, wina pamwamba wina pansi, monga mwa msinkhu wa mwini wake, yopachikapo zovala. Masikito amakwezedwa m'maŵa kuti ana asawang'ambe poseŵera. Mbale zikatsukidwa sizikhala pansi pamene nkhuku ndi agalu amafika, koma pathandala, padzuŵa. Mamba ndi matumbo a nsomba amakwiriridwa nthaŵi yomweyo, chifukwa ndiwo amaitana ntchentche. Chimbudzi chili ndi chivundikiro pabowo, ndipo pakhomo pake pali mpondagiya: kachigubu ka madzi kopachikidwa pamtengo, kamene kamapendekeka munthu akaponda kandodo komangidwa ndi chingwe. Sopo akatha amaikapo phulusa. Chimbudzi cha khanda sachitaya patchire monga ambiri amachitira poganiza kuti cha mwana sichidwalitsa. Amachiwola ndi khasu ndi kukachitaya m'dzenje la chimbudzi, kenaka amasamba m'manja.

Masana nyumba ija imasokonekera monga nyumba iliyonse ya ana. Galimoto zamawaya, zitsekerero za mabotolo, zigoba za nkhono za kunyanja, zonse zimakhala mbwee pakhonde, ndipo mwana wanga sadandaula nazo. Koma dzuŵa likapendeka, nsima isanaphikidwe, amaitana onse, ndipo aliyense amatola zake ndi kuziika m'dengu limodzi. Zitini ndi zigoba zimene zingasunge madzi zimavundikiridwa, chifukwa m'madzi oima ndimo udzudzu umaswana. Mkamwini wanga, amene amakhala akukonza maukonde, amadzuka nayenso kukaona ngati ndowa yamadzi akumwa yathiridwa mankhwala ndi kuvundikiridwa. Izi ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndifuna anyamata amene akuŵerenga pano azimve: tsache ndi ndowa si za akazi okha.

Sindikunena kuti zonse n'zangwiro. Mchenga ndinaupezabe m'nsapato zanga, ndipo tsiku lina wa zaka 3 anathira phala pamphasa imene inali itangouma. Koma ndinazindikira kuti mwana wanga wasiyanitsa zinthu ziŵiri zimene ine ndinkazisakaniza: litsiro limene limangonyansa m'maso, ndi litsiro limene limapha. Pa loyambalo amaleza mtima. Pa lachiŵirilo salola ngakhale bambo wake womubala.

Makolo anzanga, tisanakalipire ana chifukwa cha zoseŵeretsa zomwazika pabwalo, tiyeni tiyambe tayang'ana pandowa pathu ndi pakhomo pa chimbudzi chathu. Ine pobwerera ndinatsika pamsika wa Golomoti ndi kugula makapu anayi: aŵiri a kunyumba, aŵiri a pandowa ya m'kalasi mwanga. Yotungira ndinaimanga chingwe chofiira pachogwirira, kuti ngakhale mwana amene sanayambe kuŵerenga aidziŵe.