Matemba akwera lole, ana atsala pa chiwaya

Ukachoka m'tauni ya Zomba kulowera kum'mawa, msewu umakathera pa doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Apa mpomwe mabwato a ku chilumba cha Chisi amakocheza, ndipo amalonda amapikula matemba, makumba ndi milamba zokagulitsa m'misika ya m'tauni.

Koma abale, zimene ndidaona kumeneku nzodandaulitsa. Matemba ali mbwee padzuwa, ana ali piringupiringu pa chiwaya, kulimbirana tchipisi chokazingira mafuta oti adada kalekale. Nsomba ikukwera lole, mwana akutsala ndi mbatatesi ya mchere basi!

Chonsecho matemba timadya ndi minga yomwe, ndiye amalimbitsa mafupa a mwana. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 adali opinimbira.

Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi 1995, mu 2018 idatsala pang'onong'ono. Nsombazi sizipezeka chaka chilichonse ayi. Tsono inu anzanga a pamsika, mukapikula dengu, tapaniko kambale kamodzi, musinje, muthire m'phala la mwana. Enawo ndiye mugulitse.