Khofi wa mumpoto wa mbuliwuli

Kwathu kwa Nsamala khofi salimidwa. Dzuwa la ku Balaka ndi la thonje; khofi amafuna kozizira, kumapiri a Misuku kapena ku Thyolo. Ndiye mnzanga atanditumizira kilogalamu imodzi ya khofi wosakazinga kuchokera ku Mzuzu, ndinachita naye mantha: akapserera, wina ndikam'peza kuti?

Pa YouTube anthu amakazingira m'timakina ta mbuliwuli. Ife magetsi ake ati? Ndinatenga mpoto womwe timaphulitsira mbuliwuli, mbaula ndi mthiko.

Amayi, akatswiri okazinga mtedza, anandilanda mthikowo. "Iwe, siya kuyang'ana foni, tchera khutu."

Njere za khofi zimayamba zobiriwira, kenako zimachita chikasu, fungo lake ngati buledi. Pakatha mphindi pafupifupi 10, kutentha kukafika cha m'ma 196°C, zimayamba kuthetheka: the! the! Ukadikira mpaka zithethekenso kachiwiri, khofiyo amawawa, kukoma kwa kumapiri kuja n'kuthawa. Amayi anaphula msanga, n'kupeta mankhusu palichero ngati mpunga.

Tinasinja mumtondo patapita masiku awiri. Ine ndinamwa makapu awiri. Iwo analawa, n'kukwinya nkhope, n'kuitanitsa tiyi wawo wa Chombe.