Mdani Wosaopseza

Mwa mawu onse amene a zaumoyo anatibweretsera m'zaka za Edzi, amene amandisautsa kwambiri ine mphunzitsi wa za chiyankhulo ndi akuti "chiopsezo". Tsinde lake ndi kuopa. Pamenepo pamaphuka kuopsa, kenaka kuopseza. Munthu wotiopseza amakhala ndi nkhope ndi liwu, amaloza chala, amatchula ndi tsiku lomwe. Koma amene anasankha mawuwa ankafuna kunena zina: kuwerengera kuti mwa anthu 100 ochita zakutizakuti, angatenge kachirombo ndi angati. Kachirombo ka HIV sikaopseza munthu. Kamalowa mwakachetechete n'kukhala zaka kasanadziulule. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Tsono mtsikana wa zaka 16 tikamufunsa ngati ali pa chiopsezo, iye n'kukana, kawirikawiri amakhala atayankha moona funso limene walimva.

Maganizo amenewa amakula nthawi zonse ndikapita kukaona abale anga m'makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe. Makolo awo anachoka ku Nyasaland kutsatira ntchito ya fodya ndi ya m'migodi, ena pa ulendo wa Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, ndipo ambiri anatchona. Zidzukulu zawo zili ku Mvurwi, ku Banket, ku Mazowe ndi ku Shamva. Kulanda mapulazi kutayamba mu 2000, ntchito zinatha, ndipo ogwira ntchito ochuluka sanapatsidwe malo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri a iwo alendo m'dziko limene anabadwiramo. Ena amene anathawira m'tauni anakumana ndi Murambatsvina mu 2005, pamene nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera chakudya. N'chifukwa chake lero mwana wa pa komboni ndi mwana wa m'zisakasa za ku Epworth, ku Hopley kapena ku Lydiate pafupi ndi Norton, nthawi zambiri amakhala a mtundu umodzi ndi umphawi umodzi.

Ana amenewa si mbuli. Muwafunse njira zimene kachirombo kamafalikira, adzakutchulirani zonse ngati ndakatulo ya pamtima. Chimene amachita n'kundanda zoopsa zawo monga mwa kuyandikira kwake. Poyamba pali mwini malo watsopano, amene angalitulutse banja lonse m'nyumba likakana ganyu. Pali kusowa kalata ya kubadwa, kumene kumavutitsa mwana polembetsa mayeso. Pali fizi, sopo, ndi mimba imene imaoneka pakangotha miyezi inayi. Zonsezi zimaopsezadi, pakuti zili ndi nkhope ndi tsiku. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, kapena okumba golide otchedwa makorokoza akatsika ndi ndalama m'thumba, mwamuna wachikulire amaoneka ngati mpulumutsi ku zoopsa za lero. Mtsikanayo amadziwa bwino lomwe kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Matenda odzaoneka m'zaka za mtsogolo amakhala kumchira kwa mndandanda.

Chachiwiri ndi diso. Mayina amene tinaipatsa nthendayi anali a zooneka. Tinkati kaliondeonde, chifukwa munthu ankatha tikumuona; anzathu a Chishona ankati mukondombera ndi shuramatongo, mliri wosiya mabwinja. Cha m'ma 1997, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse mu Zimbabwe anali ndi kachirombo, ndipo manda a pa komboni ankakula kuposa munda. Boma linakhazikitsa msonkho wa Edzi mu 1999, ndipo mu 2004 mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma. Kafukufuku wa ZIMPHIA wa mu 2020 anapeza kuti chiwerengero chatsika kufika pa 12.9 mwa anthu akuluakulu 100 alionse. Ichi n'chipambano chachikulu, koma chinafufuta chizindikiro chimene dzina linatsamirapo. Mnyamata wobadwa mu 2009 sanamuone kaliondeonde. Iye amati wonenepa ndiye wangwiro, ndipo mnzake wokula naye pa mzere umodzi wa nyumba sangamupatse matenda, popeza amadziwana. Kudziwana kwalowa m'malo mwa kuyezetsa. Komatu pakati pawo pali ena amene anabadwa nako kachiromboko, osayendapo ndi munthu aliyense. Bungwe la Africaid linayambitsa ntchito ya Zvandiri ku Harare mu 2004 pofuna kuti achinyamata oterewa azithandizana okhaokha, ndipo nzeru yake njoti mwana amamva msanga mawu a msinkhu wake.

Chachitatu ndi lilime lenilenilo. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba kutchulidwa pa mndandanda. Koma m'makomboni amene ndayendamo, uthenga wa HIV ndaumva m'Chingerezi cha m'kalasi ndi m'Chishona cha pa wailesi. Chichewa chatsalira kwa agogo, ku dambwe ndi kutsimba. Kumeneko anamkungwi amalangiza za mdulo, za ulemu ndi za kusunga mwamuna, ndipo kondomu satchulidwa. Mwana amakhala ndi ziyankhulo zitatu, koma chimene chimanena za kachirombo sichifika pamphasa, ndipo chimene chimafika pamphasa sichinena za kachirombo. Agogo ambiri amene akulera ana amasiye anaika ana awo enieni m'manda chifukwa cha nthendayi, chikhalirecho amangoti anamwalira atadwala nthawi yaitali.

Sindikhulupirira kuti mankhwala ake n'kuwonjeza mantha. Mwana amene wakula akuopsezedwa ndi njala ndi kupirikitsidwa sangatekeseke ndi chikwangwani. Chofunika n'kusintha funso kuti likhale ndi nkhope monga zoopsa zina zija. M'malo momufunsa ngati ali pa chiopsezo, timufunse kuti amamugulira sopo ndani, munthuyo ngwa zaka zingati, nanga anapita limodzi kukayezetsa liti. Mafunso otere angafunsidwe ndi azakhali, m'Chichewa cha pakhomo, popanda mawu obwereka. Ndipo amene wafunsa za sopo akhale wokonzeka kumva yankho lake, chifukwa likadzafika, nkhani idzakhala itachoka ku chipatala n'kubwerera pa kalata ya kubadwa, pa fizi, ndi pa kadziko kamene zidzukulu za matchona zikudikirabe.